Ndinkafuna gitala ilire, linalira ndi dzanja langa

Kwathu ndi ku Ulongue, m'boma la Angónia, ku Mozambique. Mkati mwa sabata ndimakonza njinga pansi pa mtengo kufupi ndi msika, Lamlungu ndimaimba gitala kutchalitchi, ndipo tikapeza ganyu wa ukwati timanyamulana ndi anzanga atatu. Ndinayambira gitala ya chigubu, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga, ngati mmene anayambira anyamata ambiri a msinkhu wanga. Makutu anga anakulira mu sungura ya ku Zimbabwe ndi rumba, nyimbo zimene zala zimajompha nsambo ngati nkhuku pa chimanga, noti iliyonse yaifupi, yoyera, n'kudutsa. Pamenepo pokha sindinkaopa munthu.

Chinandisokoneza ndi foni. Usiku wina mu Meyi, ndili ndi megas a intaneti otsala pang'ono, ndinagwera pa vidiyo ya B.B. King, katswiri wa gitala wa ku America, pa YouTube. Mdalayo anagunda noti imodzi yokha, n'kuikankhira m'mwamba, n'kuigwedeza, gitala n'kubuma ngati mayi amene wangofika kumene pa maliro a mlongo wake. Ndinaibwereza mpaka megas anatha. Pachingerezi amati bending. Umakanikiza nsambo pa fureti (mafureti ndi timizere tachitsulo topingasa pa khosi la gitala), kenako n'kuikankha chopingasa khosi la gitala, ndipo ikamakungika mawu amakwera chala chili pa fureti yomweyo. Ine ndizingoti kukankha nsambo. M'mawa mwake ndinauza mayi a kunyumba kuti pofika nyengo ya maukwati ndikhala nditazidziwa. Anangoti, "Chabwino bambo, koma mwana azigona."

Gitala imene ndinali nayo pakhomo ndi ija ya bokosi, imene kuno timati viola. Ndinaigula ku Lizulu kwa munthu amene ankafuna ndalama ya feteleza. Za manambala a nsambo sindinkadziwa kalikonse. Ikaduka imodzi ndinkagula imodzi yomweyo, iliyonse imene yapezeka, bola ikwane pa bowo. Ndinadzazindikira mochedwa kuti zimene zinali pamenepo zinali za .012, ndipo yachitatu, kuwerenga kuyambira pa yowonda kwambiri, inali yokulungidwa ndi kawaya kena pamwamba.

Mukatenga paketi ya nsambo, yang'anani nambala yoyamba. Imanena kunenepa kwa kansambo kowonda kwambiri, m'magawo a inchi. Kusiyana kwa .009 ndi .012 ndi maso simungakuone, koma chala chimakumva. Pa gitala ya khosi lalitali ngati za kampani ya Fender, ya .009 ikatchunidwa imakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 6, ya .010 imapitirira 7, pamene ya .012 imapitirira 10. Ndipo nsambo yachitatu ikakhala yokulungidwa, mungaikankhe mpaka misozi, mawu amangokwera pang'ono basi. Ine ndinkalimbana ndi imeneyo usiku uliwonse, n'kumadziuza kuti vuto ndi ulesi wa zala zanga.

Kagwiridwe kanganso kanali kolakwika. Amene anandiphunzitsa makodi (manoti angapo oimbidwa pamodzi) kukwaya ankandimenya dzanja ndikatulutsa chala chachikulu pamwamba pa khosi la gitala, ankati chizibisala kumbuyo. Pa makodi ankanena zoona. Koma ine ndinapita nako kagwiridwe komweko pa kukankha, chala chimodzi chokha cha mphete chikusenza katundu yense, zinzake zili m'malere. Onjezanipo chisanu cha kuno cha Juni ndi Julayi. Tsiku lonse ndagwira sipanala, madzulo ndasamba m'manja madzi ozizira, kenako ndi zala zouma gwaa ndikukankha chitsulo maola awiri.

Matuza anabwera, anaphulika, anabweranso. Zimenezo sindinadandaule nazo, woimba gitala aliyense anadutsamo. Chimene chinandiwawa ndi pansi pa chikhadabo. Nsambo ikamakana, imakokera mnofu wa kunsonga kwa chala pansi, ndipo mnofuwo umalekana ndi chikhadabo. Kabala kake n'kakang'ono ngati ka lezala, koma ukagwira mchere kapena ndiwo za tsabola umavina. Ndinkadonthezapo guluu uja timamatira nsapato, n'kupitiriza. Mayi anga atandiona ndikudya nsima chala chili njoo m'mwamba, anapukusa mutu. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere kumanja," anatero akuuza mpongozi wawo, ine ndili pomwepo.

Kumapeto kwa Ogasiti tinaitanidwa ku ukwati ku Domue. Ndinabwereka gitala ya magetsi kwa mnzanga wina, yofiira, ya kandodo kogwedezera kaja, ndipo ndinaigwira koyamba m'mawa wa tsiku lomwelo. Nsambo zake zinali zofewa ngati ulusi. Ndinasangalala. Ndinati lero ndi lero.

Pa nthawi ya perekaniperekani, nyimbo itafika pakati, woimba kiyibodi anandigwedezera mutu kuti ndilowe. Ndinakankha nsambo yachitatu ndi mphamvu zonse zimene ndinazolowera pa viola ija. Mawu anakwera, anapitirira pamene ankayenera kuima, anakafika kumene kulibe noti. Ndinayesanso mwamantha, ulendo uno anaperewera. Wa kiyibodi anacheuka. Ana amene anakhala pansi kutsogolo kwa masipika anayamba kulira ngati mbuzi, meee, n'kumagwetsana ndi phwete. Ine kupsa mtima, ndinapita pa kansambo koyamba, n'kukankha mwaukali. Thaa! Kanaduka. Ndipo chimene sindinkadziwa n'chakuti gitala ya kandodo ili ndi masipuling'i kumbuyo amene amakokana ndi nsambo. Imodzi ikaduka, masipuling'i amapambana, zisanu zotsalazo zimakwera mawu zonse nthawi imodzi. Ndinatsala ndi chida chimene sichikanatha kuimba ngakhale kodi imodzi yolongosoka. Nyimbo anaimaliza a kiyibodi ndi besi, ine nditagwada kuseri kwa sipika ngati ndikufuna chinachake.

Pa 1,500 meticais imene inali gawo langa, 600 inapita kwa mwini gitala kuti agule paketi yatsopano. Koma chowawa chinafika Lolemba pa WhatsApp. Woimba besi anatumiza vidiyo imene mlamu wake anajambula. Ndinaimvetsera katatu nditatseka chitseko. Pa kukankha konse kumene ndinachita, panalibe ngakhale kamodzi pamene mawu anakatera pamalo. Ndikuimba sindinkamva zimenezo. Ndinkamva chala chikugwira ntchito, ndiye mutu unkati zili bwino.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kufunsa. Ine ndinawonjezera maola. Ndinabwerera pa viola yanga yolimba ija, maola atatu usiku uliwonse, ati kuti zala zikhwime. Mu Seputembala ndinayamba kumva kutentha pa mfundo ya dzanja lamanzere, pamene timavala wotchi, kukwera mumkono mpaka kufupi ndi chigongono. M'mawa dzanja linkauma, likatenthedwa ndi ntchito ululu unkachepa, ndiye ndinkati palibe kanthu. Pofika pakati pa Okutobala ndinalephera kugwira gudumu la njinga kuti ndikunge masipoko. Kapu ya tiyi inandipulumuka.

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Sindinapite kuchipatala msanga. Milungu itatu ndinkathowa ndi madzi otentha ndi kupaka mankhwala a m'kabotolo a pamsika. Achibale ena anati pali munthu wa nsanje ndi luso langa, ndipo ine, amene ndinali nditaonera vidiyo ija katatu, ndinavomera kuti ndikatemedwe mphini. Kumeneko kunapita 400 meticais ndi nkhuku. Mphini zinapola, dzanja ayi. Nditapita kuchipatala, adokotala anandipinditsa dzanja uku ndi uku, anafunsa ntchito yanga, anafunsa chimene ndimachita usiku, n'kuseka pang'ono. Anati minyewa imene imakoka zala yatupa chifukwa chochita chinthu chimodzimodzi mokakamiza kwa nthawi yaitali. Anandipatsa mapiritsi ochepetsa kutupa, anandimanga bandeji, n'kunena kuti gitala ndi sipanala ndiziiwale kaye.

Ndinakhala milungu 6. Imeneyo ndiye nthawi imene anthu amakonzetsa njinga kuti azinyamulira feteleza ndi mbewu. Pansi pa mtengo panatsala mng'ono wanga, amene amatha kumata chubu koma gudumu lopindika amalibweza. Makasitomala ena anapita kwina ndipo sanabwerenso. Ndikawerengera, ndinataya ndalama yoposa ya magitala awiri. Ululu wa kunsonga kwa chala umatha wokha khungu likalimba. Koma mukamva kutentha kapena kulasa pa mfundo ya dzanja kapena mumkono, ikani gitala pansi tsiku lomwelo. Umenewo suchoka ndi kulimba mtima.

Mu Disembala ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kupita ku Tete kukagula zipangizo za njinga. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 200, umatsika mapiri athu ozizira, kukalowa msewu wochokera ku Zobue, ndipo ukamayandikira Moatize jekete umakhala utaivula kalekale. Amalume anga anandiuza kuti ndikagone kwa mnzawo wina kumeneko, mdala wokonza mawailesi ndi maampu. Gitala anaiphunzirira ku Malawi ali wothawa nkhondo, ndipo anabwerera kuno mtendere utasainidwa mu 1992. Ndinawapeza pakhonde, fumbi la malasha lili pa chilichonse, akuwotcherera timawaya ta wailesi magalasi ali pamphuno. Titadya ndinawafotokozera zonse, n'kuwaonetsa vidiyo ija. Anaionera mpaka kumapeto osaseka, chinthu chimene mpaka lero ndimawathokoza nacho.

Analowa m'nyumba n'kutulutsa gitala yakale yakuda, penti itatha pamene mkono umatsamira.

"Tandionetsa, mphwanga."

Ndinaika chala pa nsambo yachitatu, fureti 7, n'kukankha.

"Ukupita kuti?"

"Ndikukweza mawu, madala."

"Ndamva kuti ukukweza. Ndikufunsa kuti ukupita kuti. Ukakwera chapa umangoti ndipititseni kutsogolo?"

Ndinasowa choyankha. Miyezi 7 yonse sindinadzifunsepo funso limenelo. Anandiuza kuti ndigunde nsambo yomweyo pa fureti 9, osakankha. Ndinagunda. Anati ndiimbe notiyo ndi pakamwa. Ndinachita manyazi, koma ndinaimba. Anati ndibwereze mpaka ikhale m'mutu. Kenako anati ndibwerere pa fureti 7, ndikankhe pang'onopang'ono mpaka gitala inene chimene pakamwa panga pakunena, ndipo ikangonena ndiime. Ndiye nkhani yonse imeneyo. Kukankha kwathunthu kumakafika pa mawu a mafureti awiri kutsogolo, kwatheka kumakafika pa fureti imodzi kutsogolo. Noti imene ukupitako ilipo kale pa khosi la gitala, ungathe kuimva usananyamuke.

Kenako anandionetsa njira imene khutu silinganame. Chala chamkombaphala pa nsambo yachiwiri, fureti 5. Chala cha mphete pa nsambo yachitatu, fureti 7. Ugunde zonse ziwiri pamodzi, n'kumakankha yachitatu yokha. Poyamba mawu awiriwo amakangana, umamva wawawawa mothamanga. Ukamayandikira, kukanganako kumachedwa, waa, waa, waa, mpaka kumazima, n'kutsala liwu limodzi lonenepa. Nditamva zimenezo koyamba tsitsi linandiimirira. Chimodzimodzinso nsambo yoyamba pa fureti 5 ndi yachiwiri pa fureti 8.

Za dzanja anandifunsa ngati mmisiri mnzawo.

"Sikuluu yadzimbiri umaimasula ndi zala?"

"Ayi madala, ndimapotoza mkono."

"Nanga nsambo inakulakwira chiyani?"

Anandikoka chala chachikulu n'kuchikoleka pamwamba pa khosi la gitala. Chala cha mphete pa fureti 7, chapakati kumbuyo kwake pa nsambo yomweyo, chamkombaphala kumbuyo kwa chimenecho. Zala zitatu zikhale zopindika, zolimba ngati mbedza, zisatambasuke. Chimene chikuyenda ndi mkono, ukupotoka ngati wagwira sikuludiraiva, tsinde la chala chamkombaphala litatsamira m'mphepete mwa khosi ngati potembenukira. Nsambo inakwera ngati ikundithandiza. Dzanja lodwala lija silinamve kanthu. Ndinakhala chete, mkwiyo ndi chisangalalo zitasakanikirana, ndikuganiza za nkhuku ija.

Anawonjeza tina ting'onoting'ono usiku womwewo. Nsambo zitatu zowonda umazikankhira m'mwamba, kudenga, ndipo chala chizilowa pansi pa zinzakezo n'kuzikankhira limodzi, osati kuzikwera. Zonenepa ziwiri za pamwamba umazikokera pansi, apo ayi zimagwera kunja kwa khosi. Ukamabweza nsambo, zinzake zimene unazikankha zimafuna kulira, ndiye chikhatho cha dzanja lamanja chizigona pa zonenepazo kuti zikhale chete. Anatinso anthu amakonda kutsitsa nsambo kwambiri kuti makodi azifewa, koma zikatsikitsitsa, ukakankha nsambo imakhudza fureti ya kutsogolo, mawu n'kufera m'njira.

M'mawa ndinawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, ndinagula zipangizo zanga, n'kufunafuna sitolo ya zoimbira thukuta lili kamukamu. Ndinagula mapaketi awiri a .009 mpaka .042 a gitala ya magetsi, 650 meticais iliyonse. Panali ena otchipa, a 250, m'mapepala osamatidwa bwino. Nditasuzumira mkati ndinaona timadontho ta dzimbiri, ndinawasiya. Nsambo yadzimbiri imakhadzula chala ukamakankha, ndipo siichedwa kuduka.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti vuto langa silinali lachilendo. Ku America m'zaka za m'ma 1950 nsambo za m'sitolo zinali zonenepa, yachitatu yokulungidwa, moti oimba ena ankataya yachisanu ndi chimodzi, n'kusuntha zotsalazo malo amodzi, pa malo a yoyamba n'kuikapo ya banjo. Wogulitsa nsambo wina dzina lake Ernie Ball anayamba kugulitsa mapaketi opepuka mu 1962 chifukwa cha anthu oterowo. Mudzakumana ndi anyamata okuuzani kuti mwamuna weniweni amaimba nsambo zonenepa chifukwa Stevie Ray Vaughan, katswiri wina wa gitala wa ku America, ankaimba za .013. N'zoona ankatero, koma ankatsitsa gitala yonse ndi theka la noti, ndipo sankakunga masipoko tsiku lonse asanaimbe.

Akuluakulu a kutchalitchi anandilola kumatenga gitala ya magetsi ya mpingo mkati mwa sabata. Ndinaika nsambo zatsopano, kuzikulunga kawiri kapena katatu pa chotchunira, kenako kuzikoka imodziimodzi ndi dzanja, kutchuna, kukokanso, mpaka zitasiya kutsika. Mukapanda kutero, kukankha koyamba komweko gitala yachoka pa tchuni. M'timipata ta kafupa koyera ka kumutu kwa gitala ndinapakamo pensulo, kuti nsambo izitsetsereka pobwerera. Ndikamaliza kuimba ndimapukuta ndi kansalu kouma, pansi ndi pamwamba, chifukwa thukuta ndilo limadya nsambo. Viola ija ndinaisiyira makodi. Ndikafuna kukankhirapo ndimaitsitsa yonse ndi noti yathunthu, ndipo yachitatu sindiivutitsa.

Ndinayambiranso ndi mphindi 15 zokha patsiku, nditawotha kaye manja pa mbaula. Milungu iwiri yoyamba kunali kukankha kwatheka kokhakokha: gunda fureti 8, imba, bwerera pa 7, kankha, ima. Kunali kotopetsa, ndipo kangapo ndinafuna kulumpha. Ndinkatsegula pulogalamu yotchunira ya pa foni, n'kutseka maso, kukankha, ndikaganiza kuti ndafika n'kutsegula maso kuona kamuvi. Masiku oyamba kanali kumanzere nthawi zonse, kusonyeza kuperewera. Musazolowere kuyang'ana foni mukukankha, chifukwa pa ukwati simudzakhala nayo. Iziweruza mukamaliza. Chinanso chimene chinandidabwitsa n'chakuti fureti iliyonse ili ndi mphamvu yake. Pakati pa khosi, cha pa 12, nsambo imafewa. Kufupi ndi kumutu, pa 2 kapena 3, imauma. Dzanja silingaloweze mlingo umodzi, khutu ndilo limanena poima.

Kugwedeza noti uli pamwamba, kumene kunandikopa kwa B.B. King, ndinakuyamba mu Malichi, patatha miyezi itatu. Umafika kaye pa noti, kuima kamphindi, kenako kumasula pang'ono n'kubwereranso pomwepo, mobwereza, mosathamanga. Kale ndinkagwedeza pofuna kubisa kuti sindinafike, ndipo n'zimene zinkatulutsa mbuzi ija. Ndinaphunziranso kukankha mwakachetechete usanagunde, kenako kugunda n'kutsitsa, gitala n'kumveka ngati munthu akuusa moyo. Imeneyo ndi yovuta chifukwa ulibe choti umve usanagunde, koma m'nyimbo zachisoni za kutchalitchi imagwira mtima kuposa zonse.

Mu sungura ndinapeza kuti malo ake ndi ochepa. Nyimbo imathamanga, magitala amalukana, ukayamba kubuma pakati pamenepo umangosokoneza ovina. Ndimakankha kawiri kapena katatu m'nyimbo yonse, pena osakankha n'komwe.

Dzanja silinabwerere mwakale kwenikweni. Juni akafika limandikumbutsa m'mawa, ndipo ndikakunga magudumu atatu motsatizana ndimapuma. Mwezi wathawu tinaimba ukwati ku Tsangano. Ndinapita ndi gitala imene ndimaidziwa, paketi yapadera ili m'thumba. Woimba besi, amene wakana kufufuta vidiyo ya ku Domue ija mpaka lero, ndinamupempha kuti mlamu wake ajambulenso. Pa solo ndinakankha kanayi. Wa kiyibodi sanacheuke, ana sanalire ngati mbuzi, amayi ena analulutira. Kunyumba ndinatseka chitseko n'kumvetsera. Katatu ndinafika. Kamodzi, pa nsambo yachiwiri fureti 15, ndinaperewera pang'ono, ndipo mayi a kunyumba, amene ankasankha nyemba panja pa zenera, anati, "Apo bambo, apo pokha." Ndi fureti imeneyo imene ndikulimbana nayo mwezi uno.